Maliro amene mfumu inaletsa: masewero achisoni a Agiriki akale ndi chimene akuonetsedwerabe lero

Basi ikagubuduzika n'kupha anthu, kapena madzi osefukira akakokolola mudzi, owerenga nkhani za Chingerezi pa wailesi sachedwa kunena kuti kwachitika "tragedy". Mawuwa tinawazolowera moti ambirife timangoti tanthauzo lake ndi ngozi yoopsa, basi. Ndiye mwana wasukulu akamva mphunzitsi akunena kuti tragedy ndi mtundu wa sewero, mutu umamuzungulira. Umazunguliranso kawiri akamva kuti masewero amene analembedwa ku Athens zaka zoposa 2,400 zapitazo akuonetsedwabe m'mizinda ngati London, New York, Tokyo ndi Cape Town, anthu n'kumalipira pakhomo kuti akaonere nkhani yoti mapeto ake akuwadziwa kale.

Tanthauzo la ngozi lija linabwera pambuyo. Poyamba penipeni mawuwa anali dzina la sewero. M'Chigiriki amati tragoidia, ndipo mukawamasulira momwe alilimo mupeza "nyimbo ya tonde". Akatswiri ena amati tonde ankakhala mphoto ya wopambana, ena amati ankaperekedwa nsembe pamwambowo. Ife pano tizingoti sewero lachisoni: sewero limene munthu waulemu wake amagwa, kawirikawiri n'kugwetsa ndi banja lake lomwe, anthu onse akuona.

Chikondwerero, mpikisano ndi ndale pabwalo limodzi

Chaka chilichonse cha kumapeto kwa Malichi, anthu a ku Athens ankachita chikondwerero cha Dionysus, mulungu wawo wa vinyo ndi zisudzo. Akuluakulu a mzinda ankasankha olemba atatu n'kupatsa aliyense tsiku lake. Pa tsikulo wolembayo ankaonetsa masewero atatu achisoni motsatizana, kenako kamodzi kanthabwala zolaula kotsukira m'kamwa. Oweruza ankasankhidwa mwa maere, ndipo pamapeto pankatuluka woyamba, wachiwiri ndi wachitatu, monga zimakhalira pampikisano wa makwaya. Zovala za oyimba ndi nthawi yonse yophunzira zinkalipiridwa ndi munthu mmodzi wachuma amene boma lamuloza, ngati mtundu wa msonkho. Mu 472 BC amene analipirira Aeschylus anali mnyamata wotchedwa Pericles, yemwe anadzakhala mtsogoleri wamkulu wa mzindawo. Tikumbukire kuti zaka za BC zimawerengedwa chobwerera, choncho 472 ndi kale kuposa 431.

Masewero asanayambe, ndalama za msonkho zochokera kumizinda imene inali pansi pa Athens zinkaikidwa pabwalo kuti aliyense aone. Anyamata amene abambo awo anafera kunkhondo, amene boma lawalera mpaka kukula, ankadutsa pamaso pa khamulo atavala zida. Zikatha izi m'pamene anthu ankakhazikika kuti amve za mfumu imene inapha mwana wake wamkazi kuti ulendo wankhondo uyende, kapena aone akazi a mzinda wogonja akugawidwa ngati mbuzi. Oonerawo nkhondo sankaimvera kwa anthu ena. Aeschylus mwini wake anamenya nawo nkhondo ya ku Marathon mu 490 BC, ndipo m'bale wake anafera komweko.

Olemba analipo ambiri, koma amene ntchito zawo zinapulumuka ndi atatu: Aeschylus, Sophocles ndi Euripides. Masewero athunthu amene tili nawo angopitirira pang'ono 30. Sophocles yekha analemba oposa 120, lero atsala 7.

Nkhani ina imene Herodotus, wolemba mbiri uja, anasunga ikutithandiza kumvetsa mmene masewerowa ankagwirira ntchito. Mu 494 BC Aperisi anawononga mzinda wa Miletus, umene anthu ake anali abale a anthu a ku Athens. Wolemba wina, Phrynichus, anapanga sewero la kugwa kwa mzindawo. Bwalo lonse linalira. Atapukuta misozi, anthuwo anamulipiritsa chindapusa cha ndalama zasiliva 1,000 chifukwa chowakumbutsa tsoka lawo, n'kuletsa kuti seweroli lisadzaonetsedwenso. Anakhudza chilonda chisanapole.

Mwa masewero amene tili nawo, limodzi lokha ndi limene likukamba za nkhondo ya masiku omwewo, ndipo nalonso linazemba mwanzeru: Aeschylus anaonetsa kugonja kwa Aperisi ku Salamis kuchokera kunyumba yachifumu ya Aperisiwo, adani akulira anthu awo. Otsala onse anatenga nthano zakalekale, za mafumu a ku Thebes, ku Argos ndi ku Troy. Ndi nzeru imene amayi athu ankaidziwa pamtondo. Mayi amene mwamuna wake wamwera ndalama za fodya sankatchula dzina. Ankangoyimba za mwamuna wina wake wakutsidya, musi uli gu, gu, mudzi wonse n'kumva amene akunenedwa, mwini wakeyo osapeza pogwira. Sewero lachisoni ndi kuphiphiritsa kwa mtundu umenewo, koma kochitidwa ndi mzinda wathunthu.

Anthu atatu, zigoba ndi chitseko chimodzi

Iwalani za holo yamdima ndi magetsi. Bwalo la Dionysus linali panja, m'mbali mwa phiri la Acropolis, ndipo masewero ankachitika dzuwa likuswa mtengo. Anthu masauzande ankakhala motsetsereka m'phirimo, aliyense akuona mnzake. Kumunsi kunali malo osalala ovinirapo otchedwa orchestra, ndipo kumbuyo kwake kunali kanyumba kamatabwa kotchedwa skene, kokhala ndi chitseko pakati. Kanyumbako lero ndi nyumba yachifumu, mawa kachisi, mkucha phanga.

Oyankhula ankakhala atatu okha, onse amuna, ngakhale nkhaniyo ikhale ndi anthu asanu ndi atatu. Munthu ankalowa m'kanyumba kaja ali mfumukazi, n'kusintha chigoba ndi mkanjo, n'kutuluka ali kapolo wokalamba. Wosewera ankatchedwa hypokrites, ndipo ndi mawu omwewa amene Baibulo lathu linamasulira kuti "onyenga" pamene Yesu akudzudzula Afarisi: anthu ovala nkhope yomwe si yawo.

Zigobazo zinkaphimba mutu wonse ndipo zinkapangidwa ndi zinthu zopepuka ngati nsalu youmitsa, n'chifukwa chake zonse zinawola. Timazidziwira pa zithunzi zojambulidwa pamitsuko. Amene anaonapo Gule Wamkulu akudziwa kale chimene chigoba chimachita: nkhope ikaima, thupi lonse limayamba kuyankhula, ndipo kungopendeketsa mutu pang'ono kumasintha chimwemwe kukhala chiopsezo. Kufanana kwake kuthere pomwepo. Chilombo cha gule sichifunsidwa dzina, pomwe wosewera wa ku Athens ankadziwika ndi aliyense ndipo ankapikisana kuti alandire mphoto yakeyake.

Mtima wa sewero unali kolasi. Mawu amene timatchulira ndime yobwerezabwereza m'nyimbo zakutchalitchi anachokera kumeneku, koma kwa Agiriki kolasi linali gulu la amuna 12, pambuyo pake 15, oyimba ndi kuvina motsogozedwa ndi woimba chitoliro chamapasa. Sanali akatswiri olembedwa ntchito, anali nzika wamba. Ankaimira madoda a mzinda, akazi ogwidwa ukapolo, kapena amalinyero. Kawirikawiri akalowa sankatulukanso mpaka pamapeto. Amaona zonse, amachenjeza, amalira, koma kuletsa tsoka sangathe.

Taonani mmene zonsezi zimagwirira ntchito pamodzi m'sewero la Agamemnon, la mu 458 BC. Mfumu ikubwera kuchokera ku Troy patatha zaka khumi, ili pagaleta. Mkazi wake Clytemnestra sanaiwale kuti mwamunayu anapereka nsembe mwana wawo Iphigenia. Akumulandira ndi mawu okoma, n'kulamula adzakazi ayale nsalu zofiira zamtengo wapatali kuchokera pagaleta mpaka pachitseko. Agamemnon akukana, akuti ulemu wotere ndi wa milungu. Mkaziyo akumunyengerera. Pomaliza mfumu ikuvula nsapato n'kuponda. Amene wakhala pamwamba paphiri akuona munthu akuyenda mumtsinje wofiira kulowa m'nyumba yake, chitseko n'kutsekeka. Patapita nthawi mkuwo ukumveka m'katimo. Madoda a kolasi, m'malo mothamanga, ayamba kukambirana mmodzimmodzi: tithyole chitseko, ayi tiitane anthu, ayi tiyambe tadziwa zoona zake. Akutsutsana choncho, chitseko chikutseguka, Clytemnestra waima pambali pa mtembo wa mwamuna wake. Aliyense amene anamvapo kukuwa kwa nyumba yoyandikana nayo usiku, n'kuima pakhonde kudikira kuti wina ayambe kupita, madoda amenewa akuwadziwa.

Imfa kawirikawiri sinkaonetsedwa. Inkachitikira kuseri, wamthenga n'kubwera kudzafotokoza zonse mwatsatanetsatane, ndipo mitembo inkatulutsidwa pakansanja ka mawilo. Kunalinso mtengo wa chingwe wonyamulira munthu m'mwamba, makamaka akakhala mulungu. Mu 431 BC Euripides anakweza pamenepo Medea, mayi amene wangopha ana ake awiri pobwezera mwamuna amene wamusiya, akuthawa pagaleta la mulungu wa dzuwa popanda chilango chilichonse. Chaka chimenecho Euripides anakhala wachitatu mwa atatu.

Mlandu wa Antigone

Sewero limene layenda maiko ambiri ndi Antigone la Sophocles, la cha m'ma 441 BC, ndipo nkhani yake ndi ya maliro. Ana awiri aamuna a Oedipus, mfumu yakale ya ku Thebes, akulimbirana ufumu wa mzindawo. Eteocles ali m'kati kuteteza mzinda, Polynices wabwera ndi asilikali achilendo kudzaulanda. Aphana. Mfumu yatsopano, Creon, ikulamula kuti woyambayo aikidwe mwaulemu, koma wachiwiriyo asiyidwe pamtetete adyedwe ndi agalu ndi mbalame, ndipo womuika aliyense aphedwe. Mlongo wawo Antigone akupita yekha kukawaza dothi pamtembowo.

Pali chinthu chimene woonera wa ku London ayenera kuchita kufotokozeredwa, pomwe wa ku Dowa kapena ku Katete achigwira nthawi yomweyo. Creon ndi mlongo wa mayi ake a Antigone. Ndi atsibweni, mwini mbumba, munthu amene akanayenera kukhala patsogolo kuyendetsa maliro a mphwake. Ndiye amene akuletsa. Komanso mwana wa Creon, Haemon, ndi amene watomera Antigone, msuweni wake. Mlandu wa boma ndi mlandu wa banja zalukana, moti simungakoke ulusi umodzi osang'amba nsalu yonse.

Sophocles sanapange Creon kukhala chitsiru. Nkhondo yatha dzulo lomweli. Iye akuti ngati woukira alandira ulemu wofanana ndi woteteza, ndani adzaferenso mzinda? Antigone akuyankha kuti alipo malamulo osalembedwa, a milungu, amene analipo mfumu iliyonse isanabadwe. Haemon akuchonderera bambo ake kuti amvere zimene anthu akunong'ona, poti mzinda wa munthu mmodzi si mzinda. Creon akutsekera Antigone m'phanga. Mneneri wosaona Tiresias atamuopseza, mfumu ikusintha maganizo, koma mochedwa: Antigone wadzimangirira, Haemon wadzibaya, ndipo mkazi wa Creon atamva za mwana wake wadziphanso. Wotsala wamoyo ndi amene anapereka lamulo.

Zimene zimasowetsa tulo otsogolera masewero lero

Zolembedwazo zinatipeza zili mawu okhaokha. Malangizo oti uyu aime apa, uyu alire apa, mulibe. Nyimbo zake zinatayika kupatula tizidutswa tochepa, magule ake anatayikiratu. Choncho aliyense wofuna kuonetsa sewero lotere amayamba ndi kusankha, ndipo kusankha kulikonse kumabwerera kufunso la Phrynichus lija: nkhaniyi tiiyandikize bwanji kwa oonera, tiitalikitse bwanji?

Pa zigoba pali magulu awiri. Mu 1981 Peter Hall anaonetsa masewero atatu a banja la Agamemnon ku National Theatre ku London ndi amuna okhaokha, onse ovala zigoba, ndipo chaka chotsatira anawatengera ku Epidaurus, bwalo lakale la ku Greece lokwana anthu pafupifupi 14,000 limene likugwirabe ntchito nyengo yotentha iliyonse. Ogwirizana ndi njira iyi amati chisoni chachikulu chotere nkhope ya munthu singachinyamule popanda kuoneka ngati akukokomeza. Otsutsa amati anthu amene akulira pa mafilimu amawerenga maso ndi milomo, ndiye ukabisa nkhope watseka khomo lolowera mumtima mwawo.

Kolasi ndiye mutu waukulu. Kulipira anthu 15 n'kokwera mtengo, ndipo gulu likamayankhula mawu amodzi nthawi imodzi limamveka ngati ana a sitandade 2 akuloweza. Ena amalichepetsa kufika anthu atatu kapena mmodzi, ena amalisandutsa atolankhani. Yaël Farber wa ku South Africa, m'sewero lake Molora, anaika nkhani ya Clytemnestra ndi ana ake ngati msonkhano wa komiti yofufuza zoona ndi kuyanjanitsa anthu ulamuliro wa tsankho utatha, ndipo kolasi anali oyimba achikhalidwe cha Chixhosa a gulu la Ngqoko. Ine ndimaona kuti vuto la kolasi ndi la maiko amene anasiya kuyimba pamodzi. Kumene amayi amachezera pasiwa usiku wonse, wina akutsogolera ena akuvomera, palibe amene angafunse kuti gulu limeneli likutani pamenepo.

Zovala nazo zimagamula mlandu msanga. Mukamuveka Creon yunifolomu yodzaza mamendulo ndi magalasi akuda, oonera asankha mbali asanatsegule pakamwa, ndipo mkangano umene Sophocles anaulinganiza mosamala wafa. Koma ena amayankha kuti kumene anthu akusowa usiku ndipo mabanja sakupatsidwa mitembo, kumufewetsa Creon ndi bodza. Zimene zinachitika ku Paris mu 1944 zikuonetsa kuterera kwa nkhaniyi. Jean Anouilh analembanso Antigone mzindawo uli m'manja mwa Germany, ndipo oyang'anira zofalitsa analoleza. Ena mwa oonera anamva Antigone akuyankhulira omenyera ufulu, ena anamva Creon akufotokoza bwino chifukwa chake munthu ayenera kugwira ntchito ndi amene ali pampando. Sewero limodzi, holo imodzi.

Kodi kuonera chisoni kumathandiza chiyani?

Mkanganowu unayamba ndi Agiriki eni ake. Plato ankati masewerowa amathirira maganizo amene munthu wanzeru ayenera kuwaumitsa, ndipo mumzinda wabwino umene ankaulingalira olemba otere analibe malo. Wophunzira wake Aristotle anaona mosiyana. Iye anati sewero lachisoni limadzutsa chifundo ndi mantha n'kubweretsa katharsis, kutanthauza kutsuka kapena kuyeretsa. Chofanizira chapafupi ndi mmene chifuwa chimapepukira munthu akalira mokwanira pamaliro, nthawi zina akulirira ake amene anapita kale osati amene wagona m'bokosimo. Aristotle anatinso munthu woyenera sewero lotere asakhale woyera mtima kotheratu kapena woipitsitsa, koma wapakatikati amene wagwa chifukwa cha kuphonya kwina. Oedipus anapha munthu pamphambano osadziwa kuti ndi bambo ake.

Ku America, Bryan Doerries anayambitsa ntchito yotchedwa Theater of War, yowerengera asilikali ndi mabanja awo sewero la Ajax. Ajax ndi ngwazi imene akuluakulu ake aimana ulemu, mutu n'kusokonekera, n'kupha ziweto poganiza kuti ndi akuluakuluwo, ndipo nzeru zitabwerera akudzipha ndi manyazi. Wolemba wake, Sophocles, anakhalapo mkulu wa asilikali. Kuwerenga kukatha oonera amapatsidwa mpata woyankhula, ndipo msilikali amene sanganene kuti "ine" amatha kuyamba ndi "Ajax uja".

Odandaula aliponso, ndipo mfundo zawo si zopepuka. Athens inali ndi akapolo ambirimbiri, akazi analibe voti, ndipo mawu onse amphamvu a Medea ndi Antigone analembedwa ndi amuna, n'kuyankhulidwa ndi amuna. M'nthawi ya atsamunda mabukuwa ankaphunzitsidwa ngati umboni woti nzeru zinayambira ku Ulaya. Ena amafunsa kuti bwanji osangoonetsa nkhani zathu, poti za M'bona zokha zili ndi kuthamangitsidwa, kuphedwa ndi mvula.

Olemba ambiri a mu Africa sanayankhe ndi kukana kapena kugwadira. Anangotenga n'kuumbanso. Mu 1968, nkhondo yapachiweniweni ili m'kati ku Nigeria, Ola Rotimi anasamutsira Oedipus kwa Ayoruba n'kumutcha Odewale, ndipo mutu wa sewerolo, The Gods Are Not to Blame, ukuchotsa mlandu pa milungu n'kuubweza kwa anthu. Femi Osofisan mu 2004 anatenga sewero la Euripides la akazi a ku Troy n'kuliika pa kuwonongedwa kwa mzinda wa Owu, oonera akuganiza za Iraq. Sewero la Euripides lomwelo mu 2013 linachitidwa ku Amman ndi amayi othawa nkhondo ku Syria amene anali asanakwerepo pansanja, akulowetsamo nkhani za nyumba zawo zimene anasiya.

Ku Cape Town mu 1973, Athol Fugard, John Kani ndi Winston Ntshona anaonetsa The Island. Likuyamba popanda mawu: akaidi awiri akukumba mchenga, aliyense akudzaza wilibala n'kukakhuthula pamene mnzake akukumba, ntchito yopanda mapeto. Usiku m'chitokosi akukonzekera kuonetsa mlandu wa Antigone pakonsati ya akaidi. Winston akukana kuvala tsitsi lachikazi ndi mkanda wa misomali, akuti anzake amuseka. Pomaliza akuvala, akuima pamaso pa akaidi ndi oyang'anira ndende, akuvomera mlandu, kenako akuvula tsitsi lija n'kuyankhula ngati iye mwini. Kudzudzula boma la tsankho poyera kunali kuitana apolisi, koma apa panali akaidi awiri akuchita nthano yachigiriki.

Sizinali zongopeka. Antigone anaonetsedwadi ndi akaidi pa Robben Island, ndipo Nelson Mandela analemba m'buku la moyo wake kuti anasewera nawo. Iye anati amene ankaimira nkhondo yawo anali Antigone, ndipo za Creon anaona kuuma mutu kosayenera mtsogoleri. Koma mbali imene anapatsidwa kuti aloweze ndi kuyankhula pamaso pa akaidi anzake inali ya Creon, mfumu ija.